Kampani ya inshuwalansi yakana kundikonzetsera galimoto: kodi ndinalakwitsa pati?

Mphunzitsi wa ku Kapata analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndine mphunzitsi kuno ku Chipata, ndipo chaka chatha ndinagula Toyota Corolla yakale ndi ngongole imene akundidulabe pamalipiro. Nditafuna kulipira road tax anandiuza kuti sizingatheke popanda inshuwalansi, choncho ndinagula yotsika mtengo ya full third party, ndinamata kapepala kake pagalasi, ndipo mtima unakhala pansi.

Masabata atatu apitawo, madzulo mvula ikugwa, wanjinga yamoto anatulukira mwadzidzidzi kuchokera m'kanjira kakumbali. Ndinaponda mabuleki n'kukhotetsa chiwongolero, galimoto inaterereka n'kukagunda mpanda wa njerwa wa nyumba ina. Tikuyamika Mulungu kuti palibe amene anavulala, koma bampala, nyali zonse ziwiri ndi ladiyeta zinawonongeka, ndipo wanjingayo sanaime n'komwe. Nditapita ku kampani ndi lipoti la apolisi, anandiuza kuti za mpandawo tikambirana, koma za galimoto yangayo sizikuwakhudza. Kunena zoona zandipweteka, chifukwa ndikubweza ngongole ya chinthu chimene changokhala pabwalo.

Ndikupempha amene mumadziwa zinthuzi mundiuze ngati kampaniyi ikuchita mwachilungamo, komanso ngati comprehensive ikanandithandiza. Ndionjezere kuti Loweruka lina ndikamapita ku Katete ndimatengako anthu olipira kuti ndipeze ya mafuta, mu Epulo ndili ndi ukwati wa mphwanga ku Lilongwe kumene ndikufuna kupita ndi galimoto yomweyi, ndipo ndangomaliza kufolera nyumba yanga imene ilibe inshuwalansi iliyonse.

Mkulu wopuma pantchito ya inshuwalansi anayankha kuti:

Aphunzitsi, pepani kwambiri ndi zimene zakuchitikirani. Ndinagwira ntchito imeneyi zaka zambiri, ndipo ndiyenera kukuuzani mosabisa kuti kampaniyo siinakubereni, ngakhale kuti amene anakugulitsani pepalalo anayenera kukufotokozerani bwino musanatulutse ndalama.

Lamulo la pamsewu la Road Traffic Act la 2002, lomwenso linakhazikitsa RTSA, bungwe loona za magalimoto ndi chitetezo cha pamsewu kuno ku Zambia, limakakamiza mwini galimoto aliyense kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena. Pamgwirizanowu munthu woyamba ndi inuyo, wachiwiri ndi kampani, ndipo wachitatu, amene amatchedwa third party, ndi aliyense amene galimoto yanu ingamuvulaze kapena kumuwonongera katundu. Choncho ndalama zimene munalipira zinali zogulira chitetezo cha wapanjinga, woyenda pansi ndi mwini mpanda, kuti inuyo musagulitse mbuzi ndi munda pofuna kuwalipira. Galimoto yanu siinali m'pangano limenelo kuyambira tsiku loyamba. Mwachita mwayi kuti munatenga full third party, chifukwa palinso ina yochepa kwambiri yotchedwa Act only, imene imangoona za imfa ndi kuvulala kwa anthu, moti ngakhale njerwa za mpandawo mukanagula nokha. Onaninso pepala lanu, mupeza kuti pali malire a ndalama zimene kampani ingalipire pa katundu wa ena. Mpanda sungafike pamalirewo, koma mutagunda Land Cruiser yatsopano, zotsalazo mwini wake adzazifuna kwa inu.

Pamwamba pa imeneyo pali third party, fire and theft, imene imaonjezera moto ndi kubedwa kwa galimoto. Kenako ndiye comprehensive, imene ikanakukonzetserani galimoto ngakhale kuti wolakwa anathawa kapena wolakwayo ndi inu nomwe. Kuno kum'mawa ine ndimaiona kuti ndi yofunika kwambiri, chifukwa zambiri zimene timawombana nazo zilibe inshuwalansi: ng'ombe yodutsa pamsewu ku Sinda, ngolo yopanda chowala usiku, njinga yonyamula makala. Mwini ng'ombe mukhoza kumutengera kwa amfumu kapena kukhoti, koma ndalama zogulira injini sangazipeze. Kwa munthu amene akubweza ngongole, ndingalangize comprehensive mpaka ngongoleyo ithe, pokhapokha ngati galimotoyo yakalamba kwambiri moti mtengo wake watsika.

Komabe musaganize kuti comprehensive imalipira chilichonse. Pali gawo lotchedwa excess limene mumayamba mwalipira nokha pa ngozi iliyonse, ndipo nthawi zambiri limakwera ngati woyendetsa anali wachinyamata kapena wongotenga kumene laisensi. Galimoto ikawonongekeratu amakupatsani mtengo umene ikanagulitsidwa pa tsiku la ngozi, osati umene munagulira. Salipira matayala akutha, giyabokosi yofa ndi ukalamba kapena injini yogogoda chifukwa chosowa oilo. Ndipo akapeza kuti woyendetsa anali ataledzera, analibe laisensi yoyenera, kapena galimoto inalibe fitness, pepala lotsimikizira kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, akhoza kukana kukonza galimoto yanu.

Nkhani imene yandidetsa nkhawa kwambiri ndi ya ku Katete ija. Inshuwalansi ya galimoto yapanyumba imalembedwa kuti ndi yoyendera inuyo, banja lanu ndi ntchito zanu, ndipo imakana poyera kunyamula anthu olipira. Tsiku limene mudzachite ngozi pa Mtenguleni muli ndi anthu anayi amene apereka ndalama, mmodzi wa iwo akadzangonena kwa apolisi kuti analipira, kampani idzakhala ndi chifukwa chokanira, ndipo mabanja a ovulala adzabwera pakhomo panu. Ndinaonapo mabanja akusauka ndi nkhani yotereyi. Ngati mukufuna kuchita bizinesi yonyamula anthu, lembetsani galimotoyo moyenera ku RTSA ndipo mugule inshuwalansi yake. Ngati simungathe, lekani, chifukwa ndalama ya mafutayo ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mlandu umene mukuusenza.

Dalaivala wakale wa mathiraki anayankha kuti:

Akuluwa afotokoza bwino za mapepala, ine ndilankhulepo za pamsewu, popeza ndinayenda mu Great East Road kwa zaka zambiri, pafupifupi makilomita 570 kuchoka kuno kukafika ku Lusaka. Aphunzitsi, sindikukuimbani mlandu, wanjingayo analakwa ndithu. Koma mawu akuti galimoto inaterereka andichititsa kufuna kudziwa za matayala anu. Magalimoto ambiri obwera kuchokera ku Japan timawayendetsa ndi matayala omwe anabwera nawo, kapena timagula ogwirapo kale ntchito chifukwa ndi otchipa. Pambali pa tayala pali manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo za DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene tayalalo linapangidwa, moti 2316 ndiye kuti sabata la 23 m'chaka cha 2016. Tayala lokalamba limauma ngakhale mizere yake ikuonekabe, ndipo pa phula lonyowa siligwira. Mvula ikangoyamba kugwa patapita masiku a dzuwa ndi pamene msewu umaterera kwambiri, chifukwa madzi amasakanikirana ndi fumbi ndi mafuta odontha.

Chinanso chimene oyendetsa atsopano sachimvetsa ndi liwiro. Mukawirikiza liwiro kawiri, mtunda umene mabuleki amafuna kuti galimoto iime umawirikiza kanayi. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, galimoto imadutsa pafupifupi mamita 28 pa sekondi imodzi, ndiye kuti poyang'ana uthenga wa pa foni kwa masekondi atatu mwayenda mamita oposa 80 musakuona kutsogolo. M'tauni muno, pamene njinga zamoto ndi zopalasa zimatulukira paliponse makamaka cha ku Kapata ndi ku Saturday Market, ine ndimayendetsa ndikuyembekezera kuti kanjira kalikonse katulutsa munthu, ndipo phazi limachoka pa mafuta ndisanafike pamphambano. Siyani mpata wa masekondi atatu pakati pa inu ndi galimoto yakutsogolo, ndipo kukagwa mvula muuonjezere.

Mukadzapita ku Lusaka, mapiri a pakati pa Nyimba, Kacholola, mlatho wa Luangwa ndi Manenekela muwalemekeze. Potsetsereka lowetsani giya yotsika kuti injini igwire galimoto, chifukwa mabuleki opondedwa mosalekeza amatentha n'kusiya kugwira. Musapitirire thiraki pokhota kapena pokwera pamene simukuona kutsogolo, ngakhale dalaivala wake akupatseni chizindikiro, pakuti maso ake si anu. Mukaona nthambi zaziwisi zitayalidwa pamsewu, dziwani kuti kutsogolo kuli galimoto yowonongeka, ndipo inu muziyenda ndi matrayango awiri ochenjezera ena galimoto ikawonongeka. Ulendo wa usiku ine ndinausiya, chifukwa anzanga amene ndinawaika m'manda ambiri anapita ndi tulo ta m'bandakucha kapena thiraki yoima mumdima yopanda nyali. Lamba amange aliyense, ndi okhala kumbuyo omwe.

Mayi wa sitolo ku Katete anayankha kuti:

Ine ndiyankhe za nyumbayo, chifukwa ndinaphunzira ndi misozi. Sitolo yanga inapsa usiku chifukwa cha waya wa magetsi, ndipo ndinali ndi inshuwalansi ya moto. Cholakwa changa chinali chakuti mtengo wa katundu umene ndinalembetsa pachiyambi sindinausinthe kwa zaka zinayi, pamene sitolo inali itakula ndipo mitengo inali itakwera. Wowerengera zowonongeka atabwera anandifotokozera lamulo limene amalitcha average. Ndipereke chitsanzo cha nyumba kuti zimveke: ngati kuimanganso kungadye K600,000 koma inu munailembetsa pa K300,000, kampani imati munateteza theka lokha, choncho mphepo ikasasula denga la K80,000 adzakupatsani K40,000, n'kuchotsaponso excess. Ine ndinalandira zochepa chomwecho, ndipo panatenga nthawi kuti ndidzukenso.

Choncho, aphunzitsi, polembetsa nyumba musatchule mtengo wa puloti kapena ndalama zimene munawononga pomanga pang'onopang'ono. Funsani mmisiri kuti kumanganso lero kungafune zingati, kuwerengera simenti, malata, mitengo ya denga ndi malipiro a amisiri, ndipo chaka chilichonse muzionanso chiwerengerocho. Dziwaninso kuti inshuwalansi ya chimango cha nyumba, imene amaitcha houseowners, ndi yosiyana ndi ya katundu wa m'kati, imene amaitcha householders. Mukatenga yoyamba yokha, akuba akanyamula firiji ndi TV simudzalandira kanthu. Chiyambire kuzimazima kwa magetsi kwa mu 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, ambiri tinagula masola, mabatire ndi mainiveta, koma ndi ochepa amene anakaziwonjezera pa pepala la inshuwalansi. Funsani ngati zimenezi zikutetezedwa, ndiponso ngati amalipira zipangizo zopsa magetsi akabwera ndi mphamvu yopitirira.

Sungani malisiti, ndipo jambulani chipinda chilichonse ndi foni n'kutumiza zithunzizo kwa m'bale wanu. Mabuku anga a sitolo anapsera m'sitolo momwemo, ndipo chimene chinandipulumutsa ndi ma invoice amene ondigulitsa katundu ku Lusaka anali atasunga. Ming'alu yobwera chifukwa cha maziko osalimba, chiswe, kapena denga lodontha chifukwa chosasamalidwa, zimenezo musayembekezere kuti adzalipira.

Mphunzitsi wa ku Kapata anayankha kuti:

Zikomo kwambiri nonse. Bambo adalaivala, ndapita kukaona matayala aja, ndipo awiri akutsogolo ndi a 2015; ndiwasintha galimoto isanabwerere pamsewu. Zonyamula anthu olipira ndasiya kuyambira lero. Mayi, pepani ndi moto umene unakugwerani, ndipo malangizo anu ndawalemba. Kwa akulu a inshuwalansi, pakadali funso la ulendo wa ku Lilongwe, komanso mwini mpanda akundikakamiza kuti ndimupatse ndalama pamanja sabata ino n'kusainirana kapepala. Kodi ndichite bwanji?

Mkulu wopuma pantchito ya inshuwalansi anayankhanso kuti:

Za mwini mpandayo, musasaine kalikonse ndipo musalonjeze ndalama kampani isanavomereze. Pafupifupi pepala lililonse la inshuwalansi ya galimoto limaletsa mwini wake kuvomera mlandu kapena kugwirizana za malipiro payekha, ndipo mukatero akhoza kukana kukubwezerani. Mulankhule naye mwaulemu, pakuti nayenso nyumba yake ili pambalambanda nyengo ino ya mvula, mumupatse nambala ya claim yanu, ndipo mumupemphe kuti apeze mitengo yolembedwa kuchokera kwa amisiri kuti mukaipereke pamodzi ndi zithunzi ndi lipoti la apolisi. Zonse zimene mukupereka ku kampani muzisungako kope lodindidwa tsiku. Akachedwetsa popanda chifukwa chomveka, yambani mwalemba kalata yodandaula kwa iwo eni, ndipo zikakanika pitani ku Pensions and Insurance Authority, bungwe limene limayang'anira makampani a inshuwalansi ndi kulandira madandaulo a anthu. Bungwe lomweli ndi limene limapereka ziphaso kwa makampani ndi mabroka, amene ndi amkhalapakati ogulitsa inshuwalansi, choncho musanagule comprehensive tsimikizani kuti amene akukugulitsaniyo ali nacho chiphaso, ndipo ndalama mulipire ku akaunti ya kampani n'kulandira lisiti, osati m'manja mwa munthu wokumana naye panja pa ofesi.

Za ku Lilongwe, third party yanu ya kuno siigwira ntchito mukangodutsa pa Mwami kulowa ku Mchinji. Mufunika COMESA Yellow Card, inshuwalansi ya third party yoyendera kunja kwa dziko, imene imavomerezedwa ku Malawi ndipo mungaigule kuno ku kampani ya inshuwalansi musananyamuke, kapena mugule third party ya ku Malawi pachipata pomwepo. Yellow Card siilipira kuwonongeka kwa galimoto yanu, choncho ngati mudzakhale mutatenga comprehensive, auzeni masiku a ulendowo kuti akulembereni kuti galimoto yanu ndi yotetezedwa ngakhale kunja kwa Zambia. Munyamule white book, lomwe ndi pepala la umwini wa galimoto, laisensi ndi mapepala a fitness, ndipo ngati white book ili m'manja mwa amene anakukongozani ndalama, pemphani kalata yawo yololeza kutulutsa galimoto m'dziko kudakali milungu ingapo, chifukwa kalata yotere siituluka tsiku limodzi.