Linux pa HP Z420 yakale, itheka?

Bambo a Chisomo, Randburg:
Moni nonse a kuno ku Joni. Abwana anga atseka ofesi yawo yojambula mapulani a nyumba, ndiye andipatsa kompyuta imodzi, HP Z420, chibokosi cholemera kwabasi. Muli purosesa ya Xeon, RAM ya 16GB ndi khadi loonetsera zithunzi la Quadro 600. Ili ndi Windows 10, koma ndamva kuti Microsoft idasiya kuisamalira pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 ikukana kulowa. Chisomo ali Grade 9, ndikufuna azilemberapo ntchito za kusukulu. Mnyamata wina kutchalitchi akuti ndiikemo Linux m'malo mwa Windows poti ndi yaulere. Kodi makina a 2012 angaikwanitse? Sindifuna kuwononga chinthu chopatsidwa ndi mtima wabwino.

Mlongoti, Yeoville:
Achimwene, mwatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Windows 11 ikukana chifukwa imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 pomwe Z420 ili ndi 1.2, komanso Xeon imeneyo palibe pa mndandanda wawo. Linux safunsa zimenezo. Tengani Linux Mint ya Xfce, mtundu wa Linux wosalemetsa makina, muilembe pa flash ya 8GB ndi pulogalamu yotchedwa Rufus. Poyatsa muzidina F9, musankhe flash ija. Mint idzayaka osakhudza hard drive, muione kaye ngati mawu ndi intaneti zikugwira.

Pa Quadro 600 paja samalani. NVIDIA, kampani yomwe idalipanga, idasiya kusamalira driver (pulogalamu yoyendetsa khadilo) wake wa 390 kumapeto kwa 2022. Musalimbane nazo zomusaka pa intaneti, mungadzapeze sikirini yakuda bii. Mint imabwera ndi driver wotchedwa nouveau, amakwanira kulembera ndi kuonera YouTube. Ndalama ikapezeka gulani SSD, chosungira mafayilo chothamanga kuposa hard drive, ngakhale ya 240GB. Hard drive yakale ndiyo imachedwetsa makina amenewa, Xeon ilibe mlandu.

Nachisale, Rosettenville:
Ine nkhawa yanga ndi magetsi, bambo. Ngati muli pa prepaid ngati ife, chibokosicho chimadya mayunitsi kuposa laputopu, ndiye chisamagone choyaka. Chilibenso batire, magetsi akathima zomwe mwana sadasunge zapita. Ndipo aphunzitsi amafuna mafayilo a Word. Mumuonetse Chisomo kusunga ngati .docx mu LibreOffice, pulogalamu yolembera yomwe imabwera ndi Mint, wanga amatero ndipo kusukulu amatsegula bwinobwino.

Che Wadi, Mayfair:
Musanafufute kalikonse, afunseni abwanawo ngati adachotsamo mafayilo awo. Mapulani a nyumba za anthu si zinthu zotaya chisawawa. Kenako tsegulani chivundikiro cha m'mbali, sichifuna sikurudiraiva, mupukute fumbi pa mafani. Ikamaiwala tsiku ndi nthawi, sinthani kabatire ka CR2032 pa motherboard. Wi-Fi mulibemo, mudzafuna chingwe cha ku router kapena ka USB.

Bambo a Chisomo, Randburg:
Zikomo kwambiri nonse. Abwana ndiwafunsa Lolemba. Achimwene a ku Yeoville, ka USB ka Wi-Fi komwe Mint imakadziwa yokha ndi kati? Router ili kunyumba yaikulu, chingwe sichingafike kuchipinda kwathu.