Chifukwa chiyani mawu achigiriki akuti θρόνος (mpando wachifumu) amasintha mathero mu Chivumbulutso 4?

Wofunsa: Abale okonda Chigiriki, ndithandizeni. M'mutu 4 wa Chivumbulutso, Yohane akunena za Iye wokhala pa mpando wachifumu katatu, koma pa vesi 2 walemba ἐπὶ τὸν θρόνον, pa vesi 9 walemba ἐπὶ τῷ θρόνῳ, ndipo pa vesi 10 walemba ἐπὶ τοῦ θρόνου. Kodi tanthauzo likusintha, popeza m'Chichewa timangowerenga kuti "pa mpando wachifumu" m'malo onse atatu?

Yankho loyamba: Mwafunsa bwino, achimwene. Dzina lakuti θρόνος ndi lachimuna, ndipo mathero ake amasintha malinga ndi ntchito yake m'chiganizo. Mperekezi ἐπί, wotanthauza "pa", amalola mathero atatu onsewo, ndipo ngakhale m'Chigiriki chakale ena ankasiyanitsa kupita pamwamba pa chinthu ndi kukhala pamwamba pake, pofika nthawi ya Chipangano Chatsopano kusiyanaku kunali kutazilala. Chimene chimandichititsa chidwi ndi chimene katswiri wa Baibulo R. H. Charles anasonyeza mu 1920, kuti Yohane amakonda kutsatira mathero a mawu akuti καθήμενος, kutanthauza "wokhala". Pa vesi 9 pali τῷ καθημένῳ, choncho mpando nawo ukhala τῷ θρόνῳ. Pa vesi 10 pali τοῦ καθημένου, ndipo mpando ukhala τοῦ θρόνου. Ndi chizolowezi cha kalembedwe, ndiye ndikupemphani kuti musamangepo chiphunzitso.

Yankho lachiwiri: Ndikugwirizana nawo, komabe chizolowezichi sichigwira paliponse, chifukwa pa 21:5 pali ὁ καθήμενος ἐπὶ τῷ θρόνῳ, pamene tikadayembekezera τὸν θρόνον monga pa 4:2, pamene palinso καθήμενος.

Yankho lachitatu: Ine nkhawa yanga ili pa tanthauzo la dzina lakuti θρόνος. Mawuwa amapezeka maulendo 62 m'Chipangano Chatsopano, ndipo 47 mwa maulendowa ali mu Chivumbulutso mokha. Nthawi zambiri sanena za chokhalira chabe koma za ulamuliro weniweniwo, monga pa Luka 1:32 pamene Yesu akulonjezedwa mpando wa Davide, kapena pa Akolose 1:16 pamene θρόνοι (mipando yachifumu) akutchulidwa pamodzi ndi maufumu ndi maulamuliro olengedwa. Musawasokoneze ndi βῆμα, mpando woweruzira milandu umene Pilato anakhalapo pa Yohane 19:13.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Ndiwerenganso mitu 5 ndi 7 kuti ndione mmene mathero a καθήμενος akuyendera kumeneko.