Achinyamata akusiyira panjira maphunziro a ntchito zamanja: chikuwathawitsa n'chiyani?

Naphiri wa ku Mchini

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Chiyambire 2022, pamene boma linakweza ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu aliyense, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, achinyamata ambiri kuno ku Chipata apeza mwayi wophunzira ntchito zamanja. Ena amapita ku Chipata Trades, ena ku Ukwimi, ena makolo amangowapereka kwa amisiri a ku Kapata kuti aphunzire kuwotcherera, ukalipentala, zomanga kapena umakanika. Koma mwezi woyamba mwana amadzuka yekha mbandakucha, wachiwiri wayamba kujomba, pofika Disembala mumuona ali pa njinga yamoto akunyamula anthu. Chimawathawitsa n'chiyani kwenikweni? Nanga amene adakali ku pulayimale tiwalere bwanji kuti adzathe kupirira?

Mmisiri wa ku Kapata

Amai, ambiri amachoka ntchito yeniyeniyo asanaikhudze n'komwe. Amagonja m'masabata oyambirira, ndipo choyamba kuwagonjetsa ndi thupi.

Titenge wophunzira kuwotcherera. Amauzidwa kuti agwirire chitsulo, pomwe chigoba cha kumaso n'chimodzi chokha ndipo wavala ndi mmisiri. Mwana amayang'ana kuwala kuja kangapo, samva kanthu. Ululu umadzabwera patapita maola 6 mpaka 12, ali kunyumba usiku: maso psuu, misozi osaleka, ngati wina wathiramo mchenga. Zimapola pa tsiku limodzi kapena awiri, koma mwana amene sanachenjezedwe amayesa kuti akuchita khungu, ndipo amake salolanso kuti abwerereko. Wogwirira nayenso akhale ndi galasi lakuda lowotcherera, la nambala 10 kapena 11. Magalasi a dzuwa ogula pamsika asakunamizeni, sateteza ku moto wa rodi, kachitsulo kowotcherera.

Ku zomanga mdani ndi simenti yonyowa. Imadya khungu, zala zimang'ambika, ndiye pong'ambikapo pabwerenso matuza a fosholo. Magolovesi a labala ndi kusamba m'manja ndi madzi ambiri akaweruka zimathandiza kwambiri. Thumba la simenti ndi makilogalamu 50, ndipo wongoyamba kumene asalinyamule yekha. Dziwaninso kuti kuphwanya kwa m'thupi kumakula tsiku lachiwiri ndi lachitatu, osati loyamba. Apa m'pamene mwana amati wadwala. Akapitiriza ndi ntchito yopepukirako, kumatha sabata isanathe. Akagona kunyumba sabata yonse, pobwerera angayambirenso kumva ululu.

Chachiwiri, ndipo apa ife amisiri tili ndi mlandu: miyezi itatu mwana akungosesa, kutumidwa kukagula marodi, kuphikira anthu nsima. Saona kumene akulowera. Dongosolo labwino ndi ili. Sabata yoyamba adziwe maina a zipangizo, ayeze ndi tepi mpaka awerenge mamilimita mosakayika, adule ndi sowo ya zitsulo motsata mzere. Sabata yachiwiri ndi yachitatu ayatse rodi ya 2.5 mm pa zidutswa zotayidwa, makina ali pa ma amps 70 mpaka 90. Rodi ikamamatirira, moto wachepa kapena waikanikiza kwambiri. Ikamaboola paipi, moto wachuluka kapena dzanja likuchedwa pamalo amodzi. Mumuuze chifukwa chake, osangoti "waononga". Mwezi wachiwiri apange chinthu chathunthu, kampando kapena mbaula, apite nacho kwawo ngakhale chikhale chopendekeka. Mwana amene amake akuphikira pa mbaula yomwe wapanga yekha sajomba Lolemba.

aNgozo, mphunzitsi wopuma, Katete

A mmisiri anena zoona, koma mmera mpoyamba. Ana awiri angamve ululu wofanana wa maso, wina n'kubwerera, wina ayi. Wobwererayo kawirikawiri ndi amene anakhalapo ndi ntchito yakeyake kunyumba, yoti akailekerera zotsatira zake aziona ndi maso.

Kutuma mwana ndi kumupatsa udindo n'zosiyana. "Katunge madzi" ndi kutuma: akabwera nawo, zathera pomwepo. Udindo umakhala ndi mawa. Wa zaka 5 kapena 6 atsegulire nkhuku m'mawa, azitsekere madzulo, aziwerenge. Wa zaka 7 mpaka 9 apatsidwe bedi limodzi la repu, mita imodzi m'lifupi, mamita atatu m'litali, awokere yekha, azithirira m'mawa ndi madzulo. Pakangotha mwezi ndi masabata ochepa wayamba kuthyola. Wa zaka 10 mpaka 12 akhale ndi mizere yake ya nshawa kumunda. Chalimbana imatenga pafupifupi miyezi isanu, ndipo m'miyezi imeneyo muli kupalira kawiri, kukumba, kuyanika ndi kuswa, zonse phindu lisanaoneke. Akafika zaka 13, agulitse yekha, alembe m'kabuku zimene zinalowa ndi zimene zatuluka, ndalamazo agulire chinthu chimene wasankha.

Zimasokonekera pati? Koyamba, kholo limalanda ntchito. Repu yafota, amai achita chisoni, athirira okha. Mwana waphunzirapo kuti akatopa pali wina womaliza. Isiyeni ifote, kenaka mukhale naye pansi, mumufunse kuti chachitika n'chiyani, mumupatse mbande zina awokerenso. Bedi limodzi silingagonetse banja ndi njala, n'chifukwa chake timayambira pa kanthu kakang'ono.

Kachiwiri, chikwapu. Ndikudziwa kuti ena pano anena kuti ife tinakula nacho. Chimene chikwapu chimaphunzitsa msanga ndi kubisa cholakwa. Mwana wotereyo akafika ku galaja n'kupotoza bawuti, amangoikanikiza osanena, galimoto n'kutuluka choncho. Zikadziwika, manyazi ndi mantha zimamuthawitsa, safikanso. Komanso lamulo la ana la 2022, Children's Code Act, limaletsa chilango chomenya. Mwana amene wazolowera kunena kuti "ndalakwitsa apa" popanda kumenyedwa amatha kudzudzulidwa ndi mmisiri kutsogolo kwa anzake n'kubweranso m'mawa.

Kale gowelo ndi ubusa wa ng'ombe zinkagwira ntchito imeneyi popanda wina kuiganizira: mnyamata ankadzuka yekha, ankanyowa ndi mvula, ng'ombe zikalowa m'munda wa eni ankayankha mlandu. Mwana wa ku Mchini kapena ku Nabvutika alibe ng'ombe, koma matumba obzalamo ndiwo kuseri kwa nyumba, akalulu, kapena kukonza yekha tayala la njinga zingalowe m'malo. Ndipo atsikana asangopatsidwa mbale ndi makanda okha, nawonso agwire hamala ndi sipanala. Za foni ndingonena chimodzi: wachinyamata amafunika tulo ta maola 8 mpaka 10. Wogona 1 koloko usiku sangaime pa benchi 7 koloko m'mawa, kaya analeredwa bwino chotani.

Mai wa ku Magazine

Pepani aNgozo, ndikutsutsaniko pang'ono. Tikangoti kaleredwe, tiwasenzetsa ana mlandu umene uli wa ife akuluakulu. Ambiri amasiya chifukwa cha njala ndi thumba.

Mwana amadzuka wopanda chakudya, amayenda wapansi mtunda wautali, amanyamula mabuloko mpaka masana, nkhomaliro palibe. Sabata zitatu zotere ngakhale wamkulu sangathe. Pofunsira basale ya CDF ku komiti ya chitukuko ya wadi, funsitsani kuti ikulipira chiyani ndipo chotsalira banja n'chiyani: chakudya, malo ogona, ovolosi, nsapato zolimba, zipangizo. Zotsalazo muziwerengere maphunziro asanayambe.

Nyengo nayonso. Mvula ikagwa mu Novembala kapena Disembala, ndi makolo omwewo amene amaitana mwana kuti adzathandize kubzala, kenaka kupalira, ndipo mu Meyi kukolola. Wajomba masabata atatu, anzake apita patsogolo, iye n'kuchita manyazi. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri, mashopu owotcherera n'kumagwira ntchito usiku. Wophunzira wokhala kutali kapena mtsikana akanatani?

Njinga yamoto imakopa chifukwa ndalama imagwiridwa tsiku lomwelo. Muwerengere naye papepala: pa zimene wapeza achotse mafuta, achotse za mwini njinga, aone chotsala, ndipo adzifunse kuti pakatha zaka zitatu adzakhala ndi luso lanji.

Ngati mukumupereka kwa mmisiri, musangogwirizana pakamwa. Lembani, pakhale mboni, amalume ake akhalepo. Mulembe kuti aphunzira miyezi ingati, ayamba ndi kuweruka nthawi yanji, nkhomaliro ndi ya ndani, mwezi uti ayamba kugwira makina, ndiponso kuyambira liti azipatsidwa kangachepe pa ntchito imene wathandiza. Lamulo la ntchito la 2019 sililola wosakwana zaka 18 kugwira ntchito zoika moyo pangozi, choncho za pamwamba pa denga ndi zina zotere zidikire. Pomaliza muikemo za mayeso a TEVETA, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Trade Test imayambira pa Level III, kenaka II, n'kufika pa I, ndipo wophunzirira kwa mmisiri nayenso angathe kukayesedwa. Mwana akadziwa kuti kutsogolo kuli pepala, miyezi amaiwerenga mosiyana.

Pa nkhani ya kupirira, ena amakonda kutchula za ZNS (Zambia National Service) ya m'zaka za m'ma 1970, pamene omaliza Form 5 ankapita mokakamizidwa kukaphunzira zausilikali ndi ulimi. Kumeneko chakudya ndi pogona zinalipo, ndipo khomo lotulukira panalibe. Sitingayerekeze ndi mwana woyenda wapansi ndi njala.

Naphiri wa ku Mchini

Zikomo nonse, mwanditsegula maso. Nanga amene wasiya kale, angabwezedwe?

Mmisiri wa ku Kapata

Angabwezedwe amai, koma musachedwe. Pakadutsa mwezi, malo ake alowa wina ndipo iye wazolowera zina. Amufunse munthu amene samuopa, amalume kapena azakhali, ali awiriwiri: chikupweteka n'chiyani m'thupi, akudya chiyani masana, alipo amene akumuzunza kapena kumunyoza? Yankho likapezeka, apite naye kwa mmisiri kapena kwa aphunzitsi, apangane za mwezi umodzi wokha, ndi chinthu chimodzi choti amalize m'mweziwo.

Koma si aliyense woyenera kubwezedwa komweko. Wa mphumu sangakhale mu fumbi la matabwa kapena utsi wa penti. Wa khunyu asakwere pa sikafodi kapena kugwira makina odula. Mtsikana akanena kuti mmisiri kapena anyamata a pashopu akumugwiragwira, musamuuze kuti apirire: mumuchotse tsiku lomwelo, nkhaniyo ipite ku Victim Support Unit ya apolisi, ndipo mumupezere malo ena ophunzirira ntchito yomweyo.