Bambo a mwana akukana kukalembetsa ukwati wathu kuboma, akuti ndi ukafiri. Nditani?

Assalamu alaikum abale, ndi ena nonse muli bwanji. Admin chonde mundibise dzina, anthu a kwathu m'gulu muno ndi ambiri, nkhaniyi ikhoza kufika ku Namwera ine ndisanadzuke.

Ndine mayi wa zaka 31, ndili ku Leicester kuyambira 2022, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Kuno nkomwe ndinakumana ndi bambo a mwanayu. Kwawo ndi ku Machinga koma anabwera kalekale, ali ndi pasipoti ya kuno. Nikah, ukwati wa Chisilamu, tinamangira pabalaza pa amalume awo mu 2023. Shehe analipo, mboni ziwiri zinalipo, achimwene anga ndiwo anali wali (wondiimira) pa foni ali ku Mangochi, mahari anapereka. Za ku register office, kolembetsera ukwati kuboma, tinagwirizana kuti tidzapita mashifiti akachepa. Kenaka mimba, kenaka mwana, nkhani ija inangozizira.

Bambowa anayamba kusintha zitachitika zipolowe za July ndi August 2024, zija anthu anagenda mzikiti ku Southport nkukayatsa moto pa hotela ya othawa kwawo ku Rotherham. Iwo amayendetsa takisi. Usiku wina munthu anawalavulira kumaso nkuwauza kuti abwerere kwawo. Anabwera kunyumba osalankhula, ndipo ine ndinawamvetsa. Koma chichokereni apo, akaweruka amangokhala pa foni mpaka mbandakucha kumvera ulaliki wa anthu amene ine sindikuwadziwa. Anasiya kuswali kumzikiti umene tinkapita, akuti imamu wake ndi wa boma. Akuti kuvota ndi shirk, kumuphatikiza Allah ndi china. Ndiye nditakumbutsa za kulembetsa kuja anandiyankha kuti ukwati wamangidwa kale pamaso pa Allah, kupita nawo kwa makafiri kuti akaudinde ndi kuvomereza kuti lamulo lawo liposa la Mulungu.

Chimene chandichititsa kulemba ndi ichi. Tapeza nyumba yoti tigule. Ngongole ya banki ili m'dzina lawo okha chifukwa cha viza yanga, koma pa dipoziti akufuna ndiikepo mapaundi 9,000 anga, ndalama za mashifiti a usiku zaka zitatu. Pali kalata yoti ndisayine sabata yamawa. Mtima wanga sukukhazikika. Kodi n'zoona kuti kulembetsa ndi haramu? Nanga pa malamulo a kuno ine ndimawerengedwa ngati ndani? Sanandimenyepo, mwana amamukonda, musawatukwane chonde.

Mayi wa ku Luton: Achemwali, kalata imeneyo musasayine. Ndabwereza, musasayine. Ngati ili yomwe ndikuganizayo, ndi ija amati gifted deposit letter, imene imanena kuti ndalamazo mwawapatsa ngati mphatso, simudzazifunanso ndipo mulibe gawo pa nyumbayo. Pamalamulo a ku England, nikah ya pabalaza yomwe sinalembetsedwe siukwati. Inu ndi bambowo ndinu anthu awiri ongokhalira limodzi basi. Atakupatsani talaka mawa, khoti silingagawe nyumba ngati mmene limachitira ndi okwatirana. Atamwalira osasiya wilo, simulandira chuma chamasiye mwachindunji, mudzachita kukasuma. Mwana yekha ndiye ndi wotetezedwa, chisamaliro chake bambo amalipira kaya ukwati ulipo kaya palibe. Ine zinandionekera, ndinatuluka ndi masutikesi awiri pambuyo pa zaka zisanu ndi chimodzi.

Achimwene a ku Coventry: Kuonjezera pa zomwe anena mayiwa, fufuzani mlandu wa Akhter ndi Khan. Nasreen Akhter anamanga nikah mu 1998 mu lesitilanti ku Southall, London. Anakhala ndi mwamuna wake zaka pafupifupi 18, ana anayi. Iye ankapempha kuti akalembetse, mwamunayo ankangozengereza. Atasiyana, High Court mu 2018 inamukomera mtima, koma mu February 2020 Court of Appeal inagubuduza chigamulocho, inati mwambo umenewo sunali ukwati m'maso mwa lamulo. Ndipo mayi ameneyu anali loya. Ndiye inu ndi ine?

Chinthu china chomwe a kwathu ambiri chimawasokoneza: kumudzi lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa chipembedzo ndi wa chikhalidwe. Nikah yomangidwa bwino ku Mangochi, ukabwera nayo kuno, amaivomereza chifukwa komwe inachitikira ndi yovomerezeka. Koma yomweyo ukamangira pabalaza ku Leicester ilibe mphamvu. Anthu amabwera ndi nzeru za kumudzi nkumaganiza kuti ali pabanja.

Mnyamata wa pa Lilongwe: Asilamu mumatopetsa. Mupite dziko la eni nkumakana malamulo awo? Ngati akufuna sharia bwanji osapita ku Saudi? Nchifukwa chake azungu akukuthamangitsani.

Mayi wa ku Luton: Inu a pa Lilongwe, amene akufunsayu ndi Msilamu ndipo ndi amene akufuna kutsata lamulolo. Mwawerenga koma? Komanso amene anapha ana ku Southport, nkhani imene inayambitsa zipolowe zija, anabadwira ku Cardiff, sanabwere pa boti ngati mmene bodza lija linafalikira. Amene anagenda mzikiti sanafunse kuti ndani walembetsa ukwati.

Admin: Zotukwana chipembedzo cha wina ndikufufuta. Muthandizeni munthu kapena dutsani.

Mwalimu wa madrasa, Blantyre: Wa alaikum salaam mwana wanga. Nikah yanu ndi yoona, pa izo musakayike, simuli mu chiwerewere. Koma zoti kulembetsa ndi ukafiri, amuna anu anamizidwa. Ayah yaitali kuposa zonse mu Qur'an, Surah Al-Baqarah 282, ikulamula kuti mukakongozana muzilemba ndi kuika mboni. Ngati ngongole ya thumba la chimanga Allah akuti ilembedwe, nanga ukwati umene Surah An-Nisa ikuutcha pangano lolimba? Ndipo Al-Ma'idah ikuyamba ndi mawu oti okhulupirira akwaniritse mapangano. Iwo anakulonjezani kuti mudzalembetsa. Limenelo ndi pangano.

Ku Morocco, ku Egypt, ku Malaysia, ku Indonesia, Asilamu amalembetsa maukwati ku ofesi ya boma ndipo palibe amati atuluka m'Chisilamu. Kalembera wa ku khonsolo sakukuuzani kuti mugwadire fano. Akungolemba kuti uyu ndi mkazi wa uyu, kuti mawa wina asakudyereni masuku pamutu. Chisilamu chinabwera kudzateteza mkazi ndi mwana wamasiye, ndiye chikalata chimene chikugwira ntchito imeneyo chingakhale bwanji mdani wa dini?

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri si chikalatacho ayi. Ndi zoti asiya jamaa, kuswali pamodzi ndi anzawo. Munthu akayamba kuona kuti Asilamu anzake onse asokera, wolungama ndi iye ndi foni yake, pamenepo pafunika akuluakulu msanga.

Mlongo wa ku Pretoria: Ine ndingofunsa. Pasipoti ya Britain anaitenga bwanji? Si analumbira kuti adzakhala okhulupirika kwa mfumu ya kumeneko? Laisensi ya takisi anakatenga kwa shehe? Nyumbayo ikalembedwa m'kaundula wa ndani? Ngongole ya banki yokhala ndi riba (chiwongoladzanja) akuti bwanji? Malamulo a makafiri onse ndi abwino, loipa ndi limodzi lokha lopatsa mkazi gawo? Achemwali tsegulani maso. Komanso mufufuze bwino ngati kulibe wina ku Machinga kapena ngati sakufuna wachiwiri. Amuna ena amakana kulembetsa chifukwa amadziwa kuti ukalembetsa mmodzi, kulembetsanso wina ndi mlandu.

Wolemba: Za riba ndinawafunsa. Anati imeneyo ndi darura, kusowa pogwira, munthu sangagone panja. Ndinaseka mpaka misozi, iwo anakwiya. Za mkazi wina sindikukhulupirira, koma mwandipatsa choganiza.

Bambo wa ku Lichinga: Ine sindikudziwani koma zomwe mwafotokozazi tinazimva kuno. Ku Mocímboa da Praia, nkhondo isanayambe mu October 2017, anyamata anayamba ndi kunyoza mashehe akuluakulu, kukana sukulu za boma, kumanga timizikiti tawo. Akuluakulu a Chisilamu ndi amene anayamba kudandaula kuboma, ndipo Asilamu ndi amene anafa ndi kuthawa ochuluka. Sindikunena kuti amuna anu afika kumeneko. Ndikungoti musazitenge ngati ndi kupemphera kwambiri chabe.

Achimwene a ku Coventry: Pamenepa tisathamangenso kumupanga munthu chigawenga. Kukana kuvota si mlandu. Koma muone kuti akumvera ndani. Gulu la Hizb ut-Tahrir linaletsedwa kuno mu January 2024, mlaliki Anjem Choudary anamugamula kukhala m'ndende moyo wonse mu July chaka chomwecho, ndipo kungotumizira anzako mavidiyo ena pa WhatsApp kukhoza kumangitsa munthu. Mukamva akuyamikira zopha anthu kapena akukamba zopita kwinakwake, pali Prevent, ndondomeko ya boma yopewera uchigawenga, ngakhale Asilamu ambiri kuno saikhulupirira chifukwa amaona ngati ndi yowazonda. Ine ndikanayamba ndi imamu ndi amalume awo.

Za ndalama: pitani ku Citizens Advice, ndi zaulere, kapena muimbire Muslim Women's Network UK. Ngati mukufunabe kuikapo ndalama, loya wanuwanu, osati wa bambowo, akulembereni declaration of trust yosonyeza gawo lanu, ndipo banki idziwe. Kulembetsa ukwati mumapereka chidziwitso masiku 28, koma poti muli pa viza Home Office ikhoza kutalikitsa mpaka 70, ndiye sizingatheke sabata yamawa isanafike. Ndipo musadalire sharia council kuti idzakugawirani nyumba. Iwo angakupatseni khula, chisudzulo chopempha mkazi, koma chigamulo chawo sichisuntha dzina pa chikalata cha nyumba. Ngakhale kafukufuku wa boma amene anatsogolera Mona Siddiqui, Msilamu mnzathu, mu 2018 anati nikah iziyendera limodzi ndi kulembetsa.

Agogo a ku Balaka: Mwana wanga, mjomba wako akudziwa? Banja la Chiyao silikambidwa ndi anthu awiri. Uwaimbire ankhoswe, ndi ntchito yawo imeneyi, kaya muli ku Ulaya.

Wolemba: Zikomo nonse, Allah akulipireni zabwino. Dzulo ndawauza kuti sindisayina mpaka nditaonana ndi loya. Sanakalipe. Anangoti ndiye kuti sindiwakhulupirira, nkutuluka ndi galimoto, anabwera cha m'ma 4 koloko m'mawa. Ndawaimbira amalume awo aja, anadabwa kwambiri, iwo ankayesa tinalembetsa kale chifukwa ana awo aakazi onse awiri analembetsa. Akuti abwera Lamlungu limodzi ndi shehe amene anatimangitsa nikah. Bambowa akuti amalume awalandira koma sheheyo asaponde pakhomo pawo.

Ndiye ndifunsenso. Ndiwauze amalumewo kuti abwere okha kaye, kapena ndingosiya onse awiri afike? Ndipo a ku Coventry, loya wa zoterezi ndifufuze wa za mabanja kapena wa za nyumba? Ndili ndi ofu Lachinayi lokha.