Kodi apolisi a ku England amakadandaula kuti za malipiro?

Abale anga okhala kuno ku Britain, ndikupempha thandizo lanu. Mwana wanga wamkazi ndi wapolisi ku England, ndipo usiku wathawu tinakhala pansi ndi kapepala kake ka malipiro, tikuwerengetsa za lendi mpaka tiyi anazizira m'makapu.

Ndikudziwa kuti apolisi kuno saloledwa kunyanyala ntchito kuyambira mu 1919, komanso kuti mu 2014 bungwe lokambirana malipiro la Police Negotiating Board linathetsedwa ku England pamodzi ndi bwalo loweruza apolisi ndi owalemba ntchito akasemphana, ndipo m'malo mwake munalowa Police Remuneration Review Body, yomwe imangopereka malangizo, chigamulo n'kutsala m'manja mwa nduna. Zimenezi zikundiwawa mumtima.

Kodi boma likakana malangizowo, apolisi angakadandaule kuti? Nanga ku Scotland, kumene amakambiranabe, amatani akalephera kugwirizana?