Tebulo la input-output la ulimi wa soya ku Malawi: ndiyambire pati?

Wophunzira_Braamfontein: Akuluakulu, kusukulu kuno ku Johannesburg andipatsa ntchito yokonza tebulo la input-output (la zomwe magawo a chuma amagulitsana), loonetsa mmene magawo ena a chuma amapindulira boma likaika ndalama mu ulimi wa soya ku Malawi. Kodi ndingabwereke manambala a Stats SA, ofesi ya ziwerengero ya South Africa, poti sasowa?

Mayi_wa_ku_Randburg: Ayi achimwene, amenewo asiyeni. Kuno ulimi sufika 5 peresenti ya GDP (chuma chonse chomwe dziko limapanga pachaka) ndipo ndi wa mathirakitala. Kwathu umaposa 20 peresenti, wambiri ndi wa khasu. Pezani SAM (Social Accounting Matrix, tebulo loonetsa mmene ndalama zimayendera pakati pa magawo a chuma) ya Malawi yomwe a IFPRI, bungwe lofufuza za mfundo za chakudya, amakonza, ndi ziwerengero za NSO, ofesi ya ziwerengero ya boma ku Zomba.

Njira yake ndi ya Leontief, katswiri wa zachuma yemwe anayambitsa input-output. Pa column iliyonse, gawani zomwe gawolo lagula kwa magawo ena ndi mtengo wa zonse zomwe latulutsa. Imeneyo ndiye A. Mu Excel chitani MINVERSE (lamulo lopezera inverse ya tebulo) ya (I − A), pomwe I ndi tebulo la ma 1 mopingasa ndi ma 0 pena ponse, kenako phatikizani manambala a mu column ya soya, mwapeza multiplier, kuchuluka kwa zomwe magawo onse amatulutsa pa kwacha iliyonse yogulira soya. Koma yambani mwaona ngati ma row ndi ma column akufanana pophatikiza. Akasiyana, alinganizeni ndi RAS, njira yosintha ma row ndi ma column mobwerezabwereza mpaka afanane.

Malume_Turffontein: Feteleza ndi mafuta a galimoto muziike padera. Zimachokera kunja, zambiri kudzera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, choncho ndalamayo imatuluka, sizungulira m'dziko. Mukazisakaniza ndi zogula zam'dziko, multiplier imafufuma ngati mandasi.

Chinanso, Leontief amangoona za kumbuyo: mbewu, mayendedwe, matumba. Pomwe soya mphamvu yake ili kutsogolo, ku mafuta ophikira ndi chakudya cha nkhuku. Zimenezo muziwerengere pazokha. Ndipo chimanga cha m'nkhokwe chomwe banja limadya osagulitsa, chipatseni mtengo wa pamunda potengera kafukufuku wa mabanja wa NSO wotchedwa IHS, apo ayi mlimi wamng'ono asowa m'tebulo lanu.

Wophunzira_Braamfontein: Zikomo malume. Ndiye nambalayo ndingaipereke ngati yankho lomaliza?

Mayi_wa_ku_Randburg: Musatero. Tebuloli limaganiza kuti mitengo siisintha ndiponso kuti malo olima satha. Kwathu mvula ndi kamodzi pachaka. Ekala yomwe mwadzala soya mwailanda chimanga kapena fodya. Onaninso chaka cha SAM yanu. Kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye tebulo lakale limachepetsa mtengo wa feteleza. Aphunzitsi akafuna za mitengo, pamafunika CGE (model ya chuma chonse yomwe mitengo imasintha) ya mu pulogalamu ya GAMS, Excel siikwanitsa.