Ndasintha camshaft, tsopano injini ikulira ngati makina osokera

Wakabaza wa ku Mponela:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Njinga yanga ndi ya 110cc, injini yogona ija yotengera ya Honda Cub. Camshaft, chitsulo chimene chimatsegula mavalavu, inadyeka, ndiye Loweruka ndinagula ina pamodzi ndi ma rocker ake awiri, tizitsulo tokankha mavalavuwo, n'kumanga ndekha pakhonde. Chizindikiro cha T pa magineto ndinachilunjika, ka O ka pa giya ya tcheni kakuyang'anizana ndi kamzere ka pa hedi, mavalavu onse ndinaika mpata wa 0.05 mm ndi fila geji yobwereka, kachitsulo kopyapyala koyezera mpata. Kiki imodzi yokha inalira, koma phokoso lake, tcheketcheke kumvekera mpaka kuseri kwa nyumba. Mphamvu nazonso zachepa, ndikanyamula munthu ndi thumba la chimanga ikuchita kufuna giya 2 pamalo poti kale ndimadutsa ndi 3. Ndalakwitsa pati? Njingayi ndiye imadyetsa ana, masiku awiri yaima ndipo mtima suli m'malo.

Mekaniki wa ku Ndirande:
Achimwene, funso limodzi kaye: pamene munkaika geji, munagwedeza ma rocker onse awiri ndi chala? T ija imabwera kawiri, chifukwa crankshaft, chitsulo chimene pisitoni imazunguliza, imazungulira kawiri pamene camshaft yazungulira kamodzi. Ulendo wina pisitoni imakhala pamwamba mavalavu onse atatsekeka, apo ndiye poyezera. Ulendo winawo valavu ya utsi imakhala ikumaliza kutseka, ya mafuta ikuyamba kutsegula. Mukatchuna pamenepo, geji ikuuzani 0.05 koma mpata weniweni umakhala waukulu kwambiri, ndiye phokosolo, komanso mavalavu satseguka mokwanira.

Chitani chonchi. Injini igone usiku wonse, izizire. Chotsani pulagi kuti izizungulira mosavuta. Zungulizani magineto mbali imene injini imayendera, muziyang'ana valavu ya mafuta, ya pamwambayo. Ikatsika n'kubwerera, pitirizani pang'onopang'ono mpaka T. Osati F, iyo ndi ya moto. Mukapitirira musabweze m'mbuyo, zungulizaninso, chifukwa ma camshaft ena ali ndi kachitsulo kofewetsa kiki kamene kamakankha valavu ya utsi mukabweza. Pamenepo ma rocker onse azigwedera pang'ono, ndipo ka O kakhale pa kamzere kake.

Wakabaza wa ku Mponela:
Madala, mwandigwira. Nditamanga giya ndinazunguliza injini kuti ndione ngati sikugunda pena pake, kenako ndinatseka kachivundikiro kozungulira kophimba giyayo, n'kungofuna T basi. Sindinagwedeze kalikonse.

Mayi wa sipanala:
Musadandaule, nanenso zinandichitikira chaka changa choyamba ku garaja. Koma ine chikundivutitsa ndi china: camshaft yoyambayo inadyeka chifukwa chiyani? Chitsulo chimenechi sichitha chokha, kawirikawiri kumakhala kusowa oyilo kumutu. Pa injini zimenezi oyilo amadutsa pa kabowo kakang'ono kwambiri asanakwere kupita ku hedi, ndipo kanyenyeswa ka gasiketi kapena silikoni wopaka mowirikiza amatseka njirayo. Mukamaliza kutchuna, lizani injini mutamasula kachivundikiro ka valavu, muone ngati oyilo akuthothoka. Mukaona pouma, zimitsani pomwepo, apo ayi camshaft yatsopanoyi ithanso sabata isanathe. Kasefa ka oyilo ka mbali ya kilatchi mukatsukenso. Ndipo ndikhulupirira munaipaka oyilo pomanga, simunailowetse youma.

Mekaniki wa ku Ndirande:
Amayi anena zoona. Ndiwonjezere za dzanja. Nati yomangira kasikuluwu kotchunira valavu ndi ya sipanala 9, ndipo mukamaimanga kasikuluwuko kamakonda kutsatira, mpata n'kuchepa. Kagwireni kolimba, mangani, kenako yezaninso. Geji izilowa ikukoka pang'ono ngati mukudula sopo, isamachite kukakamiza. Zoyeza mpata ndi lumo lometera m'malo mwa geji zija zisiyeni, ndi lokhuthala pafupifupi kawiri kuposa 0.05.

Chimene ndimawakaniza anyamata anga tsiku ndi tsiku ndi kumangitsa valavu pofuna kuti injini ikhale chete. Kaphokoso kakang'ono sikapha injini. Valavu yothina ndiyo imapha: ikatentha siikhala bwino pampando wake, moto umadutsa m'mphepete, imapsa, ndipo mumayamba kuona njinga ikuvuta kulira ikatentha.

Wakabaza wa ku Mponela:
Ndadzuka 5 koloko n'kuchita monga mwanenera. Pa T yoyenera geji imangolowa ngati pakhomo, mwina mpata unali katatu. Ndatchunanso, phokoso latha, mphamvu zabwerera. Koma amayi, oyilo kumutu akungofika madontho ochepa, ndiye sindinapite ku siteji. Ndikutsegula mbali ya kilatchi panopa. Kabowo kaja ndingakafikire osachotsa silinda?